Mtumbira wa Amayi Kumanda a Alendo

Amayi anga anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kumanda sindinapiteko. Ana sankaloledwa. Anatisonkhanitsa m'chigafa cha fodya, ine ndi ana a matenanti anzathu, n'kutipatsa chimanga chokazinga kuti tikhale chete. Chimangacho ndimachikumbukira bwinobwino, chinali chopserera ndiponso chopanda mchere. Nkhope ya amayi tsiku limenelo sindiikumbukira ngakhale pang'ono.

Ife ndife a ku Phalombe. Tinabwera pa lole pamodzi ndi mabanja ena kudzalima fodya pa esiteti ina kuseri kwa Malomo, m'dziko la eni ake, kumene ngakhale kayankhulidwe kathu kankaseketsa anthu pachitsime. Nyumba imene anatipatsa inali yaudzu, chitseko chokha ndicho chinali cha matabwa. Amayi atamwalira mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, amuna anazula chitsekocho, n'kuwonjezera matabwa a patebulo losankhirapo fodya, bokosi n'kukwana. Kunyamula maliro mpaka ku Phalombe palibe amene anakutchula n'komwe. Eni mudzi woyandikana ndi esitetiyo anapereka malo kumanda kwawo, ndipo mpaka nyengo ya fodya kutha pakhomo pathu tinkatsekapo ndi chiguduli.

Chaka chomwecho tinachokako. Bambo anayendayenda m'maesiteti a ku Kasungu ndi ku Mchinji, ine n'kutengedwa ndi azakhali, amene anandiphunzitsa sukulu mokalipa koma anandiphunzitsa ndithu. Lero ndine mphunzitsi wa pulayimale kufupi ndi Chezi. Bambo nyonga zitawathera, maso n'kuchita ng'ala, ndinakawatenga kuti tizikhala limodzi. Zaka zoposa makumi atatu zinali zitapita, ndipo pa nthawi yonseyo za amayi sitinakambeko kupitirira mawu awiri.

Nkhani inayamba chifukwa cha a nyumba yoyandikana nafe, amene anamanga chiliza cha malemu amayi awo. Kunali nyimbo tsiku lonse, anapha mbuzi ziwiri, abale anabwera pa galimoto. Bambo anakhala pakhonde n'kumamvetsera. Madzulo ake ndikuchonga makope a ana, ndinangomva akuyankhula osandiyang'ana.

“Anthu akufunditsa akufa awo simenti. Wanga ali pamvula.”

Ndinayankha kuti ndamva, tiona. Ndisaname, mumtima mwanga simunagwedezeke kanthu. Ndinaitenga ngati nkhani ya denga lodontha, chinthu choti chikonzedwe munthu akapeza mpata. Koma bambo sanaisiye. Ankaibwereza pa tiyi, ankaibwereza ndikabwera kusukulu, mpaka ankawauza alendo anga. Munthu amene moyo wake wonse sanandipempheko ngakhale malaya, tsopano ankapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo malo ake ankawadziwa ndi iye yekha. Maso akewo ankatha tsiku ndi tsiku.

Ulendo woyamba unapita pachabe. Tinasintha minibasi katatu, pa Malomo n'kukwera kabaza, koma titafika eni mudzi anatiuza mwaulemu kuti kumanda salowa ngati kumunda. Amalowako pa maliro, kapena tsiku lolambula, ndipo tsikulo linali likubwera pakatha sabata zitatu, anthu akamaliza kukolola. Esiteti ija kunalibenso. Munali soya ndi mtedza, anthu anagawana kalekale, ndipo pamene panali mizere ya nyumba zathu panangotsala mitengo iwiri ya mango. Ndinaima pamenepo n'kudikira kuti mwina ndikumbuka kanthu. Chimene ndinakumbuka n'chakuti ndinasiya zovala pachingwe kunyumba.

Tsiku lolambula tinabwereranso. Anatipereka m'manja mwa mkulu wa adzukulu, amene anakumba manda m'mudzimo kuyambira ali mnyamata. Anali bambo wamfupi, wa miyendo ya matewe, atavala chipewa choluka cha chizimayi chapinki, ndipo pakamwa pake sipankatseka, monga mudziwa adzukulu. Atamva kuti ndine mphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola.

“Mumaphunzitsanso za kale, amayi?”

“Eya, zimakhalapo.”

“Tsono lero mukhale inu mwana wasukulu. Koma ine sindikwapula yayi, musaope.”

Manda a kumeneko ndi msitu weniweni, wokhawo umene unatsala paphiri lonselo. Kwina konseko mitengo inathera m'zigafa ndi m'makala. Ukangolowa, mphepo imasintha, kumazizira, ndipo pansi pamafewa ndi masamba. Mudzi wonse unali m'menemo ndi makasu ndi zikwanje, banja lililonse pa akufa ake. Mbali ina mkuluyo anangoiloza ndi mutu n'kunena kuti uko sitiyang'anako, ndipo ine ndinadziwa kuti ndi kwa gule, sindinafunse. Alendo malo awo ali kumapeto kwenikweni, kumunsi, choncho kuti tikafike tinayenera kudutsa manda onse. Bambo anandigwira paphewa, ndodo ili kudzanja linalo.

Kumtunda kulibe mitumbira. Kuli mitengo ikuluikulu basi, ndi mapale a miphika ali mbwee pansi, ena atamera ndere. Mkuluyo anati amenewo ndiwo eni phiri, amene mayina awo sadziwikanso, ndipo munthu amangodziwa kuti pali munthu poona phale lokhala ndi bowo pansi. Anatola limodzi n'kundionetsa. Mphikawo ankauboola dala, kuti wamoyo asautenge n'kukaphikiramo. Chapafupi panali milu ya miyala itatu, yoyandikana kwambiri. Iyo anati ndi ya nthawi imene anthu ankathawira m'mapiri kuopa nkhondo ya Angoni, pamene kunalibe mpata wokumba mozama, ankangounjika miyala kuti afisi asafukule. Zimenezi ndakhala ndikuwalembera ana pabolodi chaka ndi chaka, m'mizere iwiri, koma sindinkadziwa kuti munthu angathe kupunthwa nazo chala. Bambo anapunthwadi, n'kutukwana pang'ono, kenaka n'kupepesa.

Titatsikako pang'ono tinapeza mitanda yachitsulo isanu ndi umodzi, yadzimbiri, itaima payokha kuseri kwa mzere wa miyala.

“Awa ndi akhristu oyamba,” anatero mkuluyo. “Anakana kugona pamodzi ndi abale awo. Ankati ife ndife akunja. Onani tsono, ana awo omwe ndi awa apa, anabwerera kudzagona ndi akunjawo. Kusungulumwa kumawawa, amayi.”

Kenaka panabwera ziliza za njerwa zowotcha, zomangidwa ngati tinyumba, zina zokhala ndi timasitepe kutsogolo. Amenewo ndi amene anapita ku Joni ndi ku Halale n'kubwerako ndi masutikesi. Pa chimodzi panali chipewa cholimba cha kumgodi, atachimatirira m'simenti, chitang'ambika pakati. Pa china mmisiri anajambula njinga ndi msomali, gudumu limodzi lalikulu kuposa linzake. Mkuluyo anati njinga imeneyo inali yoyamba m'mudzimo, ndipo mwini wake sankaikwera, ankangoikankha popita kutchalitchi kuti matayala asathe. Panalinso kachiliza kakang'ono kopanda mtumbira kumbuyo kwake. Pamenepo panalibe munthu. Mwini dzina anachona, uthenga wokha ndiwo unabwera, ndipo mlongo wake anamanga kuti akhale ndi polirira.

Zaka zimene fodya ankalipira zimaoneka zokha. Ziliza zake n'zazitali, zosalala, zina za miyala yonyezimira, mabanja akupikisana. Koma ukangodutsa pamenepo mizere imathithikana, manda kugundana mapewa, ndipo ukawerenga chaka chobadwa ndi chaka chomwalira umapeza zaka makumi awiri ndi zisanu, makumi atatu, makumi atatu ndi ziwiri. Mwamuna apa, mkazi wake apo, kamtumbira kakang'ono pakati. Apa mkuluyo sanaseke. Anangoti nthawi imeneyo makasu sankauma dothi, ndipo iye anakumbirapo ana ake awiri. Ndinati pepani, iye n'kuti zikomo, tonse n'kupitirira.

Chinthu chimene chinandikhala m'mutu anandiuza titafika pa mitumbira ina yafulati, yooneka ngati mizere ya mbatata yakale. Anati awo ndi a chaka cha njala ija anthu anadya zitsa za nthochi. Adzukulu analibe mphamvu, ankakumba kulekeza m'chiuno, ndipo mabokosi kunalibe, munthu ankangokulungidwa mu mphasa. Anaima n'kundifunsa ngati ndikuona kusiyana kwake. Ndinati ayi.

“Manda a bokosi amagwa pakati. Matabwa akaola, dothi limatitimira, pamakhala kadzenje ngati mbale. A mphasa sagwa yayi, amangotsika onse pamodzi pang'onopang'ono. Ndiye inu mukaona mtumbira, musafunse munthu. Muyang'ane pamimba pake.”

Bambo nthawi yonseyi ankangonditsatira. Dzanja lawo linkangolemera paphewa panga.

Manda a alendo amayambira kuseri kwa mpanda wa nkhadze. Kumeneko kunalibe wolambula. Udzu unali wofika m'chifuwa, ndipo anyamata atatu anayamba atchetcha kaye kuti tione pansi. Simenti kunalibe ngakhale chibuma chimodzi, mtanda kunalibe, dzina kunalibe. Kunali mbale. Pafupifupi pa mtumbira uliwonse panali mbale yovundikira, yoboola pakati. Zambiri zinali zachitsulo, zoyera, za mkombero wabuluu, ndipo nditaziona m'kamwa mwanga munabwera kukoma kwa nyemba zopanda mafuta. Ndinadyerapo mbale yoteroyo. Tonse tinadyerapo. Mwini esiteti ankagula zofanana n'kugawira banja lililonse pofika, choncho munthu akamwalira, abale ake ankasiya chokhacho chimene anali nacho. Ndinawerenga zoyerazo n'kupeza khumi ndi imodzi. Chakumunsi kunali zina zopepuka za aluminiyamu, za m'zaka za pambuyo pake.

Bambo anachotsa dzanja paphewa panga. Anafunsa ngati pali mtengo wa muwanga. Mnyamata wina anati ulipo, n'kuwatsogolera. Anaugwira, anaupapasa, anatsamira msana pamtengopo, kenaka n'kuyamba kuyenda molunjika kumene dzuwa limatulukira, akuwerenga mapazi mokweza. Pa makumi awiri anaima. Ndodo yawo inagunda chitsulo. Anagwada pang'onopang'ono, maondo akulira, napapasa mpaka kupeza mbale, n'kulowetsa chala pabowo.

“Ndi pano. Ndinaboola ndekha, ndi msomali wa denga.”

Anavula chipewa. Anayamba kuyankhula motsitsa mawu, m'Chilomwe chimene ine ndinaiwala kalekale, ndipo ndinangotolapo kuti akunena kuti abwera, achedwa koma abwera, mwana uja anakula. Misozi inkatsika m'maso oyerawo. Sindinawaonepo akulira chibadwire. Ndinayang'ana, n'kumaganiza kuti thalauza lawo lidetsedwa ndipo tinangobwera ndi limodzi.

Mbale imene anagwirayo inali ya aluminiyamu. Mtumbirawo unali wafulati, wopanda kadzenje pakati. Ndinaona ndekha mkuluyo asanandikodole.

Ananditengera pambali, chakumtunda, n'kupalasa masamba ndi phazi. Panali chitsa chachikulu chakuda, chowola.

“Muwanga wa bambo anuwo ndi uwu. Unagwa ndi mphepo zaka zapitazo. Uwo agwirawo nthawi imeneyo unali kamtengo kofika m'bondo.”

“Nanga amene ali apoyo ndani?”

“Mwamuna. Wa chaka cha njala. Anabwera kufuna ganyu, anagwa pafupi ndi mjigo, sanatchule kwawo. Mbaleyo inali m'thumba mwake.”

“Mukutsimikiza?”

“Ndinakumba ndine, amayi.”

Kenaka anayenda kuchoka pachitsapo, mapazi makumi awiri omwewo, mpaka pafupi ndi chulu. Panali manda awiri ogundana, onse ogwa pakati, onse a mbale yoyera ya mkombero wabuluu. Anati dzinja la chaka chimene ife tikunenacho amayi awiri a pa esiteti anamwalira motsatizana, wina wa ku Dedza, wina wa kumwera. Anati akukumbukira kuti dzenje linkadzaza madzi iwo akukumba, ankachita kukapa ndi ndowa. Anati akukumbukiranso kuti bokosi limodzi linali lachilendo, linali ndi kachitsulo kokolowekapo loko m'mbali mwake, ndipo adzukulu anaseka n'kumati ameneyu akamutsekera kuti asabwerere.

Kachitsuloko ndinkakadziwa, ka pachitseko chathu chija. Kanali pamlingo wa maso anga, ndipo kanandikandapo pachipumi.

“Ndiye ali pati?”

Mkuluyo anavula chipewa chake chapinki chija n'kudzikanda m'mutu. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja.

“Apa, kapena apa. Kupitirira pamenepo ndingakunamizeni.”

Ndinaima pakati pa manda awiriwo. Kuyambira ndili mwana ndinkaganiza kuti tsiku limene ndidzafike pamene pali amayi, chinachake chidzamasuka m'chifuwamu. Anzanga amati akafika pamanda a makolo miyendo imafooka. Ine ndinaona nyerere zikutuluka pansi pa mbale ya kumanzere, zitanyamula mazira. Ndinaona kuti mbale ya kumanja yadyeka kwambiri m'mphepete. Ndinayesa kunena kuti “amayi” chamumtima, choyamba kuyang'ana uku, kenaka uko, ndipo konseko kunali chimodzimodzi. Njala inkandipweteka, chifukwa m'mawa tinangomwa tiyi.

Bambo ndinawauza. Izi ndikufuna zidziwike, chifukwa nthawi zina ndimadziweruza ngati ndinangokhala chete. Ndinawauza masana omwewo, titakhala pansi pa mango aja kudikira kabaza.

“Bambo, mkulu uja akuti mwina si pamene paja. Akuti mtengo umene munkawerengera unagwa.”

Anatembenuka n'kundiyang'ana pambali pang'ono, monga ankachitira maso atatha.

“Mkaziyo anali wake kapena wanga?”

“Wanu, bambo. Koma mbale ija...”

“Anaboola mbale ndani? Iwe unaliko? Unali m'chigafa iwe, ukukukuta chimanga. Ine zaka zonsezi ndimawerenga mapazi amenewa ndisanagone. Lero munthu wa chipewa cha mkazi wake andiuze kuti sindidziwa pamene ndinaika mkazi wanga?”

Titafika kunyumba ndinayesanso kamodzi. Ndinafotokoza za bokosi ndi mphasa, za kadzenje ka pakati, mwadongosolo ngati ndili m'kalasi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, osandidula. Kenaka anadzuka n'kukagona, ndipo masiku awiri sanadye. Tsiku lachitatu ndinawapititsira phala n'kuwauza kuti mwina mkulu uja ndi amene wasokoneza, ndi wokalamba. Anadya lonse.

Anthu amene ndinawafotokozera nkhaniyi amati ndinachita chifundo. Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti holide inali ikutha, simenti ndinali nditagula kale ndipo imauma ikakhalitsa, komanso mmisiri sangamange pamalo otchedwa “apa kapena apa”. Bambo anali ndi malo amodzi, ine ndinali ndi awiri. Ndinatopa, basi.

Nditabwerera kukakonza zomanga, ndinapita kaye kwa mkulu wa adzukulu uja. Ndinamupeza akusoka mphasa pakhonde. Ndinamuuza zimene tagwirizana, kuti timanga pamene anagwada bambo paja. Sanadabwe.

“Mwini wakeyo sadandaula. Alibe womumangira, angokondwa kuti wapeza nyumba yamalata.”

Anaseka yekha, kenaka n'kusiya. Analowetsa singano, anakoka chingwe, osandiyang'ana.

“Koma dzina mulemba?”

“Tilemba.”

“Mukalemba ndiye basi. Ine ndikadzapita, simenti ndiyo izidzayankhula. Palibe adzatsutse.”

Ndinamufunsa ngati ziliza zonse za kumtunda zija zili pa eni ake. Anamaliza kaye mzere umene ankasoka. Kenaka anati zambiri zili pa eni ake, n'kundifunsa ngati ndikufuna madzi akumwa.

Mmisiri anagwira ntchito masiku atatu, eni mudzi atatilola. Anali munthu wachangu wosakonda zoyankhula. Anayala njerwa kuzungulira mtumbira wa bambo wosadziwika uja, anathira simenti, kumutu n'kuimika chipupa chaching'ono chokhala ndi mtanda. Mbale ya aluminiyamu ija bambo analamula kuti aimatirire pamwamba, ndipo anaimatiradi. Simenti isanaume mmisiriyo anatenga msomali n'kundiuza kuti ndimutchulire zilembo. Ndinamutchulira dzina la amayi anga, chilembo chimodzichimodzi, monga ndimachitira ndi ana a sitandade 2. Anafunsa chaka chobadwa. Bambo sankachidziwa, ine sindinkachidziwa, ndipo anangosiyapo mpata.

Masiku amenewo, mmisiri akamapuma, ndinkabwereka khasu n'kupita pachulu paja. Ndinalambula manda onse awiri, ndinazula zitsamba, mbale n'kuzipukuta ndi chitenje. Sindinganene kuti chinali chikondi. Sindikonda kuona ntchito yosiyira panjira, ndiye kuti khalidwe langa ndi lomwelo ngakhale kusukulu.

Tsiku lovundukula chiliza tinali anthu ochepa. Ku Phalombe sikunabwere munthu, amene ankawadziwa amayi anatha. Koma amayi a mpingo a m'mudzimo anabwera okha osaitanidwa, asanu ndi atatu, atavala zoyera, kudzaimbira mlendo amene sanamuonepo. Izi zinandichititsa manyazi kwambiri kuposa china chilichonse. Mkulu wa mpingo anapemphera, anatchula dzina la amayi katatu, anachotsa nsalu. Bambo anavala jekete yanga yakuda chifukwa yawo inali yong'ambika. Anagwada n'kuyendetsa zala pa zilembozo, kuchokera koyamba mpaka komaliza, ngakhale kuti kuwerenga sanaphunzirepo. Ine ndinaima kumbuyo kwa onse. Sindinachite kusankha, koma nditayang'ana pansi ndinapeza kuti zidendene zanga zili m'mphepete mwa manda awiri aja, ndawafulatira. Ndinaimba nawo nyimbo zonse, mawu ndimawadziwa.

Anthu atayamba kutuluka, bambo anatsalira. Anaitana mkulu wa adzukulu, amene sanayankhulane naye chichokere tsiku lija. Anagunda pansi ndi ndodo, kumanja kwa chiliza.

“Akulu, apa pali munthu?”

“Yayi, palibe.”

“Ndiye pakhale panga, ngati eni mudzi angalole.”

Mkuluyo anati alola, mlendo samukaniza dothi. Kenaka anandiyang'ana ine, osaphethira, kudikira. Bambo nawo anatembenukira kumene ankaganiza kuti ndaima.

“Wamva, mwanawe? Usadzandinyamule kupita ku Phalombe, kulibe wanga kumeneko. Uyu ndinamusiya yekha nthawi yaitali.”

“Ndamva, bambo.”

Anakhalanso ndi moyo zaka zitatu, ndipo zinali zaka zabwino. Ananenepa. Ankaseka ndi ana anga asukulu, ankauza aliyense wobwera pakhomo kuti mkazi wawo ali m'nyumba ya simenti, ndipo mwana wawo ndi amene anamanga. Mvula ikamagwa ankakhala pakhonde n'kumaimvetsera mosatekeseka. Kangapo konse ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambenso nkhani ija, n'kutsekanso.

Anamwalira chaka chatha, mwezi wa Meyi, atadwala chifuwa sabata imodzi. Ndinachita monga ananenera. Titafika ndi maliro m'mudzi muja ndinafunsa za mkulu wa adzukulu, ndipo anandiuza kuti anatsogola kale, dzinja lapitalo, ali kumtunda pamodzi ndi ana ake. Adzukulu atsopano anali anyamata, ena mwa iwo anabadwa njala ija itatha. Anandiitana m'mawa kuti ndikawaonetse pokumba, poti manda a alendo sawadziwa bwino. Ndinalowa nawo. Udzu unali utameranso pachulu paja, koma mbale ziwiri zoyera zinkaonekabe, ndipo pambali pa iliyonse panali malo okwana munthu. Wotsogolera anyamatawo anaimika khasu pansi.

“Tikumbe pati, amayi?”

M'manda monsemo, ndi kunja komwe, panalibenso wina wodziwa kupatula ine. Ndinaloza kumanja kwa chiliza.